Gary Gygax, wosoka nsapato yemwe adalemba malamulo a magemu

Mwana akayatsa gemu ya zilombo za m'mapanga pa kompyuta kapena pa foni, kawirikawiri nkhondo siyamba asadayankhe mafunso awiri. Loyamba ndi la ntchito: asankhe kukhala wankhondo, wamatsenga, wansembe kapena mbala. Lachiwiri, lomwe limapezeka kwambiri m'magemu akale, ndi la mbali: anene ngati ali wabwino, woipa kapena wapakatikati.

Ana ambiri amangodina osadziwa kuti mafunsowa ali ndi mbiri. Munthu yemwe adawalemba m'buku n'kuwagulitsa ku dziko adali bambo wa ana asanu, wosamaliza sukulu ya sekondale, yemwe panthawiyo ankapezera chakudya posoka nsapato m'chipinda cha pansi pa nyumba yake ku America. Dzina lake lidali Gary Gygax, ndipo adamwalira m'chaka cha 2008.

Ernest Gary Gygax adabadwa pa 27 Julayi 1938 mumzinda wa Chicago. Bambo ake, a Ernst Gygax, adachokera ku Switzerland ndipo adali katswiri poimba vayolini. M'chaka cha 1946, Gary atapezeka pa ndewu ya anyamata a m'dera lawo, makolo adaona kuti mzindawo suwalerera bwino mwana. Adasamukira ku Lake Geneva, tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Wisconsin, kwawo kwa mayi ake.

Kumeneko adakula akusewera makhadi ndi tchesi, komanso kuwerenga mabuku a nthano za malupanga, mfiti ndi zinjoka. Kumeneko ndi komwenso adapalana ubwenzi ndi Don Kaye, mnzake wa pa ubwana yemwe adadzayamba naye bizinesi patapita zaka zambiri.

Kusukulu sikudamuyendere. Bambo ake atamwalira mu 1956, adasiyira sekondale panjira. Adalowa usilikali koma adabwezedwa posakhalitsa kaamba ka chibayo. Kenako adapeza ntchito ya ukalaliki ku kampani ya inshulansi ku Chicago, ndipo mu 1958 adakwatira Mary Jo Powell.

Pambuyo pake adalowa kampani ina ya inshulansi ya Fireman's Fund, komwe ntchito yake idali yowerengera ngozi: kuona kuti mwayi woti kasitomala akumane ndi tsoka ndi waukulu bwanji, ndipo ayenera kulipira zingati. Aliyense amene adatsegulapo mabuku omwe Gygax adadzalemba amaona dzanja la munthu wa inshulansi. Masamba ake ndi odzaza ndi mindandanda ya manambala, ndipo chilichonse, kuyambira kutsegula chitseko mpaka kuuka kwa akufa, chili ndi mwayi wake wowerengeka.

Nkhondo za patebulo

Masana adali wa inshulansi, usiku adali mkulu wa asilikali. Chakumapeto kwa 1958 adapeza masewero otchedwa Gettysburg a kampani ya Avalon Hill, momwe anthu awiri amamenyanitsa magulu a nkhondo pa mapu oyalidwa patebulo. Adakodwa nawo kotheratu. Mu 1967 adathandiza kukhazikitsa bungwe la okonda masewero otere, ndipo mu 1968 adachita lendi holo ina ku Lake Geneva pa mtengo wa $50 n'kuitana anzake. Kudabwera anthu osakwana 100. Msonkhano umenewu, wotchedwa Gen Con, ukuchitikabe mpaka lero mumzinda wa Indianapolis, ndipo kumapita anthu zikwizikwi.

Pa msonkhano wachiwiri, mu 1969, adakumana ndi mnyamata wochokera ku Minnesota dzina lake Dave Arneson.

Chakumapeto kwa 1970 ntchito ya inshulansi idatha. Pakhomo padali ana asanu. Gygax adagula zipangizo zokonzera nsapato n'kuyamba ntchitoyo kunyumba, uku akulemba malamulo a masewero omwe ankamubweretsera ndalama zochepa kwambiri. Mu 1971, iye ndi Jeff Perren adatulutsa kabuku kotchedwa Chainmail, ka nkhondo za makedzana za akavalo ndi mikondo. Kumapeto kwake Gygax adaonjezera masamba angapo a zinjoka, ziphona ndi amatsenga.

Nkhani ya mbali idayambira m'masamba amenewa. Zolengedwa zonse adazigawa m'magulu atatu: za Lamulo, za Chisokonezo ndi zapakati. Ganizoli adalitenga m'mabuku a nthano, makamaka la Poul Anderson lotchedwa Three Hearts and Three Lions ndi nkhani za Michael Moorcock wa ku England. Cholinga chake chidali chophweka. Osewera awiri akamasankha asilikali, ankafunika kudziwa kuti chilombo chakuti chingamenyere ndani. Zidali ngati mtundu wa yunifolomu m'bwalo la mpira. Za mtima wa munthu zidali zisadalowepo.

Arneson ndiye adasintha zinthu. Ku Minnesota iye ndi anzake adaleka kulamulira magulu a nkhondo, aliyense n'kutenga munthu mmodzi yekha, kumutsitsira m'ndende za pansi pa linga la Blackmoor kukasaka chuma. Munthuyo akapulumuka ankabweranso sabata yotsatira ali ndi mphamvu zoonjezera. Mu Novembala 1972 Arneson adapita ku Lake Geneva kukaonetsa Gygax kaseweredwe kameneka. Gygax adakhala pansi n'kulemba malamulo, ndipo oyamba kuwayesa adali ana ake, Ernie ndi Elise.

Makampani akuluakulu adakana kusindikiza. Mu Okutobala 1973 Gygax ndi Kaye adasonkha $1,000 aliyense n'kutsegula kampani yawo ya Tactical Studies Rules, yomwe idadziwika kuti TSR. Ndalamazo zitaperewera, mnzawo wina, Brian Blume, adabweretsa $2,000 n'kukhala mwini wachitatu. Mu Januwale 1974 adatulutsa mabokosi 1,000 a Dungeons & Dragons, lililonse la timabuku titatu, pa mtengo wa $10.

Masewero ake ndi onga nthano ya pamoto, kusiyana kwake n'kwakuti omvera sangoyankha kuti ali tonse. Wofotokoza, yemwe adadzatchedwa Dungeon Master, amanena zomwe zili m'phangamo. Osewera, aliyense ndi mtengambali wake, amanena zomwe akufuna kuchita. Madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka.

Kusintha kuli ndi mtengo wake

M'timabuku ta 1974 ntchito zidalipo zitatu zokha: wankhondo, wamatsenga ndi wansembe. Wosewera ankaponya madayisi atatu pa chilichonse mwa zinthu zisanu ndi chimodzi, monga mphamvu, luntha ndi chikoka, ndipo zotsatira zake zinkakhala pakati pa 3 ndi 18. Akapha zilombo ndi kupeza chuma ankasonkhanitsa mapointi n'kukwera sitepe.

Nanga wina akatopa ndi ntchito yake? Gygax adalola kusintha, koma monyinyirika. Munthu ankafunika kukhala ndi 16 kapena kuposa pa chinthu chofunika kwambiri pa ntchito yatsopanoyo, nambala yomwe madayisi atatu saipereka kawirikawiri. Wamatsenga sankaloledwa kukhala wansembe, wansembenso sankaloledwa kukhala wamatsenga. Pa za mbali, wansembe akafika sitepe 7 sankaloledwanso kuima pakati, ndipo mkulu wa ansembe akadumphira mbali ina ankalandidwa zonse zomwe udindo wake udamupatsa.

Mu 1975, m'buku loonjezera la Greyhawk lomwe adalemba ndi Rob Kuntz, mudabwera mbala komanso paladin, wankhondo wodzipereka ku chilungamo. Paladin ndiye adamangiriza ntchito ndi khalidwe pamodzi. Adali ndi mphamvu zochiza ndi manja, koma akangochita chinthu cha mbali ya Chisokonezo mphamvuzo zinkachoka osabweranso. M'malamulo a pambuyo pake ankayeneranso kupereka chakhumi cha zonse zomwe wapeza, ndipo sankaloledwa kuyenda ndi anthu oipa.

Apa mavuto adayamba patebulo. Osewera ankakangana ngati wosunga lamulo aliyense ndi wabwino. Nanga mfumu yankhanza yomwe imatsata malamulo ake mpaka kadontho? Nanga mbala yomwe imabera olemera kuti idyetse amasiye? Mu Febuluwale 1976 Gygax adalemba m'magazini ya kampani yake kuti lamulo ndi ubwino ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mbali zidakhala zisanu. Mu 1978, m'buku la Players Handbook la Advanced Dungeons & Dragons, zidafika zisanu ndi zinayi: mzere umodzi wa Lamulo, pakati ndi Chisokonezo, mzere wina wa ubwino, pakati ndi kuipa. Achinyamata omwe lero amagawa anthu otchuka m'timabokosi tisanu ndi tinayi pa intaneti akugwiritsa ntchito chithunzi chimenechi.

Buku lomwelo lidakhwimitsanso za kusintha ntchito. Munthu ankafunika 15 pa ntchito yakale ndi 17 pa yatsopano. Akasintha ankabwerera pa sitepe 1. Thupi linkakhalabe lolimba monga kale, koma luso lakale sankaloledwa kuligwiritsa ntchito, ndipo akaligwiritsa ankaluza mapointi a ulendo wonsewo, mpaka ntchito yatsopano itapitirira yakale. Wosintha mbali naye, malinga ndi buku la 1979 la wotsogolera masewero, ankatsika sitepe imodzi.

Ena amati malamulowa ndi ouma mtima, ndipo ali ndi mfundo. Komabe n'zovuta kuiwala kuti wolemba wake adali munthu woti zaka zochepa m'mbuyomo adachoka pa desiki ya inshulansi n'kuyambira pansi ndi nsapato za anthu.

Chinthu chimodzi chinkafewetsa zonsezi. Patebulo pankakhala munthu woweruza. Paladin akanama pofuna kupulumutsa mwana, wotsogolera masewero ankamva mbali zonse n'kuona chochita. Manambala adali m'buku, koma chigamulo chidali cha munthu.

Makina alowerera

Ophunzira a m'mayunivesite sadachedwe kulowetsa masewerowa m'makompyuta. Pofika 1975, pa makina ophunzitsira otchedwa PLATO ku yunivesite ya Illinois padali kale magemu a m'mapanga olembedwa mozemba. Koma gemu yomwe idatengera mafunso awiri aja m'nyumba za anthu idali Wizardry, yomwe idatuluka mu 1981 pa kompyuta ya Apple II. Adailemba Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead, omwe adakumana pa yunivesite ya Cornell. Mfiti ya m'gemumo adaitcha Werdna ndipo mfumu adaitcha Trebor, omwe ndi maina awo owerengedwa chobwerera.

Wizardry idalibe chilolezo cha TSR ndipo sinkatchula Dungeons & Dragons, koma aliyense ankaona kholo lake. Wosewera ankapanga gulu la anthu osapitirira asanu ndi mmodzi n'kulitsitsira m'phanga la nsanjika 10 zopita pansi, uku akujambula mapu papepala chifukwa makinawo sankamujambulira mapu.

Mbali adazibweza kukhala zitatu: wabwino, woipa ndi wapakati. Ntchito zoyambira zidali zinayi, wankhondo, wamatsenga, wansembe ndi mbala, ndipo pamwamba pake padali zina zinayi zapamwamba: bishopu, samurai, lord ndi ninja. Khomo la iliyonse lidali ndi loko wa mbali. Wansembe ndi bishopu sankatha kukhala apakati. Mbala sinkatha kukhala yabwino. Samurai sankatha kukhala woipa. Lord, yemwe adali paladin wa Gygax atavala chovala china, ankayenera kukhala wabwino basi. Ninja ankayenera kukhala woipa, komanso kukhala ndi 17 pa chilichonse.

Lamulo lomwe lidavutitsa osewera kwambiri lidali lakuti wabwino ndi woipa sangalembedwe m'gulu limodzi. Patebulo nkhani yotere inkatha ndi kukambirana. Kompyuta idalibe khutu lomvera zifukwa, inkangokana. Choncho munthu wofuna lord ndi ninja pamodzi, omwe adali akatswiri awiri a gemuyo, ankafunika kuchenjera. Njira yodziwika idali yosiya mmodzi m'phanga, kenako n'kutsika ndi gulu lina kukamutola, popeza loko uja adali pa malo olemberana anthu m'tauni mokha.

Funso lalikulu lidali lakuti makina angadziwe bwanji kuti khalidwe la munthu lasintha. Yankho la Wizardry lidali losavuta mpaka kuseketsa. Nthawi zina gulu linkakumana ndi zilombo zosafuna ndewu, ndipo wosewera ankasankha kuzimenya kapena kuzisiya. Wabwino akazimenya ankatha kusanduka woipa. M'mitundu ya gemuyi yomwe idatuluka pambuyo pake, woipa akamazisiya ankathanso kusanduka wabwino. Khalidwe lonse la munthu lidapachikidwa pa batani limodzi. Zotsatira zake zinkawawa ndithu: gulu lobwerera kutauni linkapeza kuti mmodzi mwa iwo salolekanso kuyenda ndi anzake, ndipo chida chopangidwira mbali ina chinkasanduka temberero kwa wochivala.

Koma lord wosanduka woipa ankakhalabe lord. Chilango chomwe Gygax adaikira paladin sichidafike m'makinamo, ndipo osewera adayamba kuona mbali ngati kiyi wotsegulira zitseko. Gemu yachitatu ya Wizardry, ya 1983, idachita kugwiritsa ntchito zimenezi poyera: nsanjika zina zinkalola abwino, zina oipa, ndipo kuti munthu amalize ankafunika magulu onse awiri.

Pa kusintha ntchito ndi pomwe Wizardry idatsata Gygax mokhulupirika, mwinanso kumuposa. Wosintha ankabwerera pa sitepe 1. Manambala ake onse a mphamvu ndi luntha, omwe adavutikira miyezi, ankagwa kufika poyambira pa mtundu wake. Ankakalambanso ndi zaka zingapo nthawi yomweyo, ndipo m'gemuyi ukalamba unkafooketsa munthu mpaka kumupha. Chomwe ankasunga ndi kulimba kwa thupi komanso matsenga omwe adaphunzira kale. Wamatsenga wopirira ankatha kusanduka samurai wodziwa matsenga onse, koma ankayamba wadutsa nyengo yokhala mtolo kwa anzake. Akafa panthawi yofookayo, kachisi wa m'tauni ankayesa kumuukitsa pa mtengo wokwera. Zikakanika mtembo unkasanduka phulusa, ndipo zikakanikanso kachiwiri dzina lake linkafufutidwa pa disiki mpaka kalekale.

Gemuyi idakondedwa kwambiri ku Japan kuposanso kwawo. Yuji Horii, yemwe adapanga Dragon Quest mu 1986, adali mmodzi mwa oisewera. Mu Dragon Quest yachitatu, ya 1988, muli kachisi wosinthira ntchito: munthu akafika sitepe 20 amatha kusintha, n'kubwerera pa sitepe 1 ndi theka la mphamvu zake. Muli ndi nthabwala yokoma. Ntchito ya wanzeru imafuna buku lapadera losowa, koma chitsiru chongosewera, chomwe sichithandiza kanthu pa nkhondo, chikapiriridwa mpaka sitepe 20 chimasanduka wanzeru popanda bukulo.

Final Fantasy yachinayi, ya 1991, idasandutsa lamulo lomweli kukhala nkhani. Cecil, msilikali wa mdima yemwe adachita zoipa pomvera mfumu yake, amakwera phiri kukalapa n'kutsika ali paladin, koma wa sitepe 1, wofooka kuposa momwe adakwerera. Shin Megami Tensei ya 1992 idabwerera ku Lamulo ndi Chisokonezo, ndipo mathero a gemuyo amatengera mbali yomwe wosewera wapendekera.

Magemu okhala ndi chilolezo chenicheni cha malamulo a Gygax adabwera mochedwerapo. Pool of Radiance idatuluka mu 1988 ndipo Baldur's Gate mu 1998. M'gemu yachiwiriyi paladin amagwadi mbiri ya gulu lake ikaipa. Planescape: Torment ya 1999 idayesetsa kuchita zomwe woweruza wa patebulo ankachita, powerengera mabodza, malonjezo ndi nkhanza za wosewera n'kumasuntha mbali yake pang'onopang'ono. Koma pofika nthawiyi mwini malamulo adali atachotsedwa kale pa kampani yake.

Chuma, mantha ndi kugwa

Mavuto a umwini adayamba msanga. Don Kaye adamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a mtima mu Januwale 1975 ali ndi zaka 36, masewerowo asadatchuke. Gygax adalibe ndalama zogulira gawo la mnzakeyo, ndipo banja la a Blume ndilo lidakhala ndi masheya ambiri. Ubale ndi Arneson nawo udasokonekera. Mu 1979 Arneson adakasuma kukhoti pa nkhani ya ndalama ndi dzina lake pa mabuku atsopano, ndipo mlanduwo adaukambirana kunja kwa khoti mu 1981. Mpaka lero okonda masewerowa amatsutsana kuti woyambitsa weniweni ndani. Chooneka n'chakuti Arneson adabweretsa kaseweredwe, Gygax adakasandutsa malamulo oti mlendo angawerenge n'kutsata.

Mu 1979 mnyamata wina wa pa yunivesite ya Michigan State adasowa, ndipo wofufuza milandu woima payekha yemwe banja lidalemba adauza atolankhani kuti mwina masewerowa ndiwo adamusokoneza. Zidadziwika pambuyo pake kuti kusowa kwake kudali ndi zifukwa zina, koma mbiri idali itawanda. Magulu ena a chipembedzo adati mabukuwo amaphunzitsa ufiti ndi usatana. Mu 1985 Gygax adaonekera pa pologalamu ya pa kanema ya 60 Minutes akukana zonsezi.

Nkhaniyi idamukhudza mpaka kunyumba. Iye ndi mkazi wake adali a Mboni za Yehova, ndipo kusamvana ndi ena mumpingomo, pa za masewerowa komanso fodya ndi mowa zomwe ankakonda, kudachititsa kuti achoke. Makolo omwe ankachita mantha sadali opusa, chifukwa m'mabukumo mudalidi maina a ziwanda ndi zithunzi zoopsa. Koma ziwandazo zidalembedwa ngati adani oti agonjetsedwe, ndipo matsenga ake adali manambala ndi madayisi. Chodabwitsa n'chakuti phokosolo lidakweza malonda, ndipo TSR idayamba kupanga madola mamiliyoni pachaka.

Ndalama zidamusintha Gygax. Adapita ku Hollywood kukayang'anira za makanema, komwe katuni ya Dungeons & Dragons idayamba kuonetsedwa pa CBS mu 1983. Chaka chomwecho banja lake ndi Mary Jo lidatha. Ali komweko ankakhala moyo wa maphwando, mpaka mu 1984 pomwe adamva kuti kampani ili m'ngongole ndipo ena akufuna kuigulitsa.

Adabwerera ku Lake Geneva, adachotsetsa Kevin Blume pa utsogoleri, ndipo adalemba mabuku atsopano mwachangu kuti ndalama zilowe. Adalembanso ntchito mayi wina wodziwa za bizinesi, Lorraine Williams, kuti athandize kuyendetsa kampani. Mu Okutobala 1985 zidadziwika kuti a Blume agulitsa masheya awo kwa mayiyo. Gygax adachotsedwa pa mpando, adakasuma kukhoti ndipo adaluza. Adatuluka atasiya Dungeons & Dragons, dziko la Greyhawk, ngakhalenso maina a atengambali ambiri omwe iye ndi ana ake adasewera nawo patebulo la kunyumba, kuphatikizapo Mordenkainen, wamatsenga wake wa iye mwini. Mordenkainen ameneyu, m'nkhani za Greyhawk, ndi wapakati: ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti abwino kapena oipa asapambane kotheratu.

Ali ndi zaka 47 adayambiranso. Mu 1987 adakwatira Gail Carpenter, yemwe adabereka naye mwana wake wachisanu ndi chimodzi. Kampani yatsopano yomwe adayambitsa idagwa mu 1989. Masewero ake a Dangerous Journeys a 1992 adakokeredwa kukhoti ndi TSR, yomwe pamapeto pake idawagula n'kuwatsekera. Mu 1999 adatulutsa Lejendary Adventure. M'masewero awiri omalizawa Gygax adasiya dongosolo la ntchito ndi masitepe lomwe lidamutchukitsa, n'kumanga munthu pa maluso osiyanasiyana omwe angaphunzire. Anthu ochepa okha ndiwo adagula. Dziko lidali litakonda malamulo ake akale, ndipo makampani a magemu a pa kompyuta ankapanga nawo ndalama zomwe iye sadazionepo.

TSR yomwe idamuchotsa nayo idagwa m'ngongole, ndipo mu 1997 idagulidwa ndi Wizards of the Coast. Eni atsopanowa adayanjananso ndi Gygax ndi Arneson. M'zaka zake zomaliza Gygax ankayankha mafunso a okonda masewero pa intaneti pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa mafunsowo adali akale omwe aja, a zomwe paladin angachite ndi zomwe sangachite. Mayankho ake ena, makamaka okhudza kupha adani ogwidwa, adakhumudwitsa anthu. Ganizo la m'mabuku ake lakuti mitundu ina ya zolengedwa imabadwa yoipa lidadzudzulidwanso kwambiri, ndipo mu 2020 eni masewerowa adalengeza kuti akulisintha.

Mu 2000 mawu ake adamveka m'katuni ya Futurama, momwe adasewera ngati iye mwini pamodzi ndi Al Gore ndi Stephen Hawking. Mu 2004 adadwala sitiroko, ndipo pambuyo pake madokotala adamupeza ndi chotupa cha mtsempha waukulu wa m'mimba chomwe sakadatha kuchichita opaleshoni. Adapitirizabe kuitana anzake kudzasewera kunyumba kwake mpaka miyezi yomaliza. Adamwalira pa 4 Malichi 2008 ku Lake Geneva ali ndi zaka 69, ndipo Arneson adamutsatira mu Epulo 2009.

Mwambo wa maliro utatha, ana ake ndi anzake adapita ku holo ina ya m'tauniyo n'kuyala matebulo ndi madayisi. Kukumanako kudasanduka msonkhano wa chaka ndi chaka wotchedwa Gary Con. Patangotha miyezi itatu chimwalirireni, eni Dungeons & Dragons adatulutsa malamulo atsopano omwe adachepetsa mbali kuchoka pa zisanu ndi zinayi kufika pa zisanu, n'kulola paladin kukhala woipa ngati mulungu wake ndi woipa. Mu 2014 mbali zisanu ndi zinayi zija adazibwezeretsa, koma loko wa pa khomo la paladin sadamubwezere.